Mmene mungafufuzire ngati umphawi ndiwo unapatsa Ennahda mavoti ku Tunisia

Ambiri amayamba kafukufukuyu ali nalo kale yankho: osauka anakwiya, anachita zionetsero, kenako anavotera Ennahda, chipani cha Chisilamu. Musanalembe zimenezo, lekanitsani zinthu zitatu: mavoti, zionetsero ndi kusiyana pa chuma. Ku Tunisia zitatuzi sizigwera malo amodzi.

Yambani ndi mavoti, omwe zotsatira zake zili ku bungwe loyendetsa zisankho la ISIE. Pa 23 Okutobala 2011 Ennahda inapeza mipando 89 mwa 217, mu 2014 inatsikira pa 69, mu 2019 pa 52. Koma inu musawerenge mipando, werengani mavoti enieni dera ndi dera, ndipo ikani pambali mipando 18 ya nzika zokhala kunja. Samalaninso apa: dzikolo lili ndi zigawo 24 pomwe madera a chisankho a m'dzikomo anali 27, chifukwa Tunis, Sfax ndi Nabeul anagawidwa pawiri. Mukapanda kuwaphatikiza, ziwerengero zanu sizigwirizana ndi za INS, ofesi ya kalembera.

Pa kusiyana kwa chuma mpamene ambiri amasokonezeka. Muyeso wa Gini, womwe umaonetsa kusiyana kwa olemera ndi osauka, wa dziko lonse unkatsika m'zaka za pakati pa 2000 ndi 2010, nthawi yomwe mkwiyo unkakula. Mpata weniweni unali pakati pa mizinda ya m'mphepete mwa nyanja ndi zigawo za m'kati monga Kasserine, Kairouan ndi Sidi Bouzid. Choncho tengani umphawi ndi ulova wa omaliza maphunziro apamwamba pa timaboma ting'onoting'ono, pogwiritsa ntchito kalembera wa 2014 ndi mapu a umphawi amene INS ndi World Bank anatulutsa mu 2020. Zigawo 24 zokha n'zochepa kwambiri kuti muonerepo choona.

Tsopano yesani ganizo lanu pa Sidi Bouzid, kumene wogulitsa malonda mumsewu Mohamed Bouazizi anadziwotcha pa 17 Disembala 2010, zomwe zinayambitsa zionetsero zogwetsa boma. Kumeneko mu 2011 amene anatsogola si Ennahda, koma gulu la Aridha Chaabia la Hechmi Hamdi, mwana wa komweko. Ennahda mphamvu zake zinali kum'mwera, ku Tataouine, Medenine ndi Gabès. Ganizo lolephera kufotokoza zimenezi ndi losapsa.

Zionetsero werengani kuchokera m'malo awiri. ACLED, bungwe lolemba zionetsero ndi ziwawa m'mayiko osiyanasiyana, imadalira kwambiri zimene atolankhani alemba, motero kutseka msewu kumudzi kumasowa pomwe msonkhano wa ku Tunis umawerengedwa. Malipoti apamwezi a FTDES, bungwe la ku Tunisia loona za ufulu pa chuma ndi chikhalidwe cha anthu, amakwaniritsa zosowazo. Pa chionetsero chilichonse lembani amene anamema anthu. Ku migodi ya Gafsa mu 2008 anali atsogoleri a ogwira ntchito a m'deralo pamodzi ndi malova, osati chipani cha Chisilamu.

Dera losauka likavotera chipani, sizitanthauza kuti ovotawo ndi osaukawo, mwina iwo sanapite n'komwe kukaponya voti. Tsimikizani ndi mayankho a munthu payekhapayekha a mu kafukufuku wa maganizo a anthu wa Arab Barometer kapena Afrobarometer, yomwe imafunsa ku Tunisia mafunso ofanana ndi a kuno ku Malawi: kangati munasowa chakudya, madzi, mankhwala, ndalama.

Ngati mukukacheza ndi mamembala a Ennahda, dziwani kuti zinthu zinasintha kuyambira pa 25 Julaye 2021 pamene pulezidenti Kais Saied anaimitsa nyumba ya malamulo, ndipo mtsogoleri wa Ennahda, Rached Ghannouchi, anamangidwa mu Epulo 2023. Musasunge mayina m'foni kapena m'kope. Aliyense mupatseni nambala, ndipo mndandanda wolumikiza nambala ndi dzina usungidwe kwina.