Musathamangire kugula buku la economics

Amene mukuyamba economics ku community college kuno ku America, buku la mu bookstore lija limadula koopsa, dikirani kaye. Fufuzani OpenStax, webusayiti ya mabuku aulere ya Rice University, pa intaneti, mutsitse Principles of Economics mwaulere. Kenako tengani silabasi ya aphunzitsi, pa phunziro lililonse mulembe tsamba lake m'buku laulerelo. Supply ndi demand, elasticity, GDP, kukwera mitengo kwa zinthu, zonse zilimo, poti microeconomics ndi macroeconomics (magawo awiri akulu a economics) zoyambira zimafanana pafupifupi paliponse, chimene chimangosiyana ndi ndondomeko ya mitu.

Koma tsiku loyamba funsani aphunzitsi za homuweki. Ngati homuweki imaperekedwa pa MyLab kapena Connect (mawebusayiti olipira a makampani osindikiza mabuku), gulani access code yokha yolowera pamenepo, nthawi zambiri imabwera kale ndi buku la pakompyuta.