Kusankha mitundu pomanga streamer ya bass ndi trout

Streamer ndi nyambo yomanga ndi nthenga, ubweya ndi ulusi pa mbedza yaitali, yofanizira kansomba, nkhanu kapena kamwana ka chule. Oyamba kumene amathamangira kufunsa kuti mtundu wogwira nsomba ndi uti. Musanafike pamenepo, dziwani kaye madzi amene mukaponyemo. Wochoka mu Blantyre akafuna nsomba ya bass amalowera ku madamu a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo akafuna nsomba ya trout amakwera phiri la Zomba, mu Mulunguzi, kapena mitsinje yozizira ya pamwamba pa Mulanje. Damu la ku Thyolo mu Januwale ndi lofiira katondo, pomwe Mulunguzi mu Seputembala mumawerenga miyala ya pansi. Nyambo imodzi siingakutumikireni konsekonse.

Zimene madzi amachita ndi mtundu

Kuwala kukalowa m'madzi mitundu siitha nthawi imodzi. Wofiira ndiwo umayamba kuzilala, ndipo pofika mamita 5 m'madzi oyera umaoneka wakuda. Kenaka olenji, kenaka chikasu. Wobiriwira ndi buluu ndiwo amafika patali. Ambiri amawerengera kuya kokha, kuiwala kuti mtunda wochoka pa nyambo kufika pa diso la nsomba umadyanso mtundu chimodzimodzi. M'madzi amatope nkhani ya mitundu imatheratu pafupi: chotsala ndi chithunzithunzi cha nyambo, kaya chakuda kapena chowala.

N'chifukwa chake wakuda sasowa m'bokosi la wodziwa. Nsomba zonse ziwirizi zimakonda kudzera pansi pa nyambo, n'kumaiona itatsamira thambo. Madzulo, m'bandakucha, kapena tsiku la chiperoni, nyambo yakuda imadula chithunzi chooneka bwino kuposa yowala.

Mukafika pamadzi, mangani streamer yoyera, muimize pang'onopang'ono pafupi ndi gombe n'kuona pamene isowere. Ikaonekabe kupitirira mita imodzi ndi theka, madziwo ndi oyera. Ikasowa pakati pa theka la mita ndi mita imodzi ndi theka, ndi oderako. Ikasowa isanakwane theka la mita, ndi matope.

M'madzi oyera tsanzirani chimene nsomba ikudya. Matemba ali ndi mimba yasiliva ndi msana wobiriwira moderako, ngati yunifolomu ya asilikali, mtundu umene omanga nyambo amauti olive. Tiana ta makumba tili ndi timizere totsika m'mbali. Nkhanu za m'mitsinje ya kuphiri ndi zabulauni, ana a achule ndi akuda kapena a khofi. Apa mitundu yanu ndi olive, bulauni, wotuwa ndi woyera pang'ono kumimba.

M'madzi oderako onjezani mphamvu: golide m'malo mwa siliva, chikasu, olenji, ndi chartreuse, uja wachikasu chobiriwira wa malaya owala a apolisi apamsewu. M'matope sankhani mbali imodzi, wakuda bii kapena wowala kwambiri. Olive ndi bulauni m'madzi a katondo zimangosungunukiramo, nsomba kudutsa osaona kanthu.

Bass ndi trout saona mofanana

Diso la bass limalandira bwino mitundu iwiri, wofiira ndi wobiriwira. Limavutika kusiyanitsa chartreuse ndi woyera, komanso buluu ndi wakuda. Zimenezi zikupulumutseni ndalama: palibe phindu logula mitundu inayi ya chikasu. Kwa bass ganizani m'magulu atatu, chowala, chakuda, ndi chobiriwira, kenaka kadontho kofiira pakhosi. Komabe chartreuse pamwamba, woyera pansi ndi mphatikizo umene wagwira bass kwa zaka zambiri. Ndiwo unatchukitsa streamer yotchedwa Clouser Minnow, imene Bob Clouser anayamba kumanga mu 1987 powedza mumtsinje wa Susquehanna ku Pennsylvania. Mwina nsomba imangoona kansomba kowala, koma inu woponya mumaitsata bwino ndi maso, ndipo zimenezo pazokha n'zothandiza.

Trout imasiyanitsa mitundu yambiri, imakhala m'madzi oyera, ndipo imakhala ndi nthawi yoitsata nyambo n'kuiyang'anitsitsa. Kwa iyo chepetsani zonse. Streamer yotchedwa Woolly Bugger, imene Russell Blessing anamanga mu 1967, ikhale yakuda, ya olive kapena yabulauni pa mbedza nambala 6, 8 kapena 10. Nambalazi zikamakwera mbedza imachepa. Ya bass ikhale yokulirapo, kuyambira nambala 4 mpaka 1/0, imene ndi yaikulu kuposa zonsezi. Trout yoweta imene yangothiridwa kumene m'damu imathamangira olenji ndi zonyezimira, koma ikakhalitsa imachenjera, ndiye musaweruze mtundu ndi nsomba zotere.

Kuika mitundu pa mbedza

Kansomba kalikonse ndi kakuda kumsana, koyera kumimba. Gawani chonchi: magawo awiri mwa atatu akhale mtundu wa mimba ndi m'mbali, gawo limodzi mtundu wa msana. Msana ukachuluka nyambo yonse imada ikanyowa.

Pa Clouser pali msampha. Maso ake achitsulo amamangidwa pamsana pa mbedza, ndipo kulemera kwake kumaitembenuza kuti isambire nsonga ili m'mwamba. Choncho ubweya woyera umapita mbali ya maso, wakuda kapena chartreuse mbali ya nsonga. Mukasinthanitsa mwamanga kansomba kosambira chagada. Maso akhale pa gawo limodzi mwa atatu a mbedza kuchoka kutsogolo, omangidwa mopingasa ndi kudonthezera guluu, apo ayi amazungulira ndipo mitundu imapendekeka.

Zonyezimira, monga Flashabou kapena Krystal Flash, muziwerenga, osatapa. M'madzi oyera timaulusi 4 mpaka 6 takwana, m'madzi oderako 10 mpaka 12. Tiikeni pakati pa mitundu iwiri ija kuti tizioneka ngati mzere wa m'mbali mwa matemba, ndipo mutidule mosiyana kutalika. Mukadula mofanana timamatana n'kuoneka ngati chingwe chimodzi. Siliva amayenda ndi woyera ndi wotuwa, golide ndi kopa amayenda ndi olive ndi bulauni. Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, zonyezimira zambiri zimathamangitsa trout. Ubwino wake sizasi imachotsa zowonjezera muli pamadzi pomwepo, koma kuwonjezera sikutheka, ndiye ndi bwino kumanga tochulukirapo n'kukadula.

Kadontho kofiira kofanizira makha a nsomba kasapitirire mamilimita 3: kukulunga ulusi wofiira kasanu kapena kasanu n'kamodzi kuseri kwa mutu basi. Kakakula kamalanda nyambo yonse.

Pa Woolly Bugger mchira wa marabou, nthenga zofewa kwambiri zija za nkhukundembo, utalike ngati thupi la mbedza. Mchira, thupi ndi nthenga yokulunga zingakhale mtundu umodzi, koma mphatikizo wa mchira wakuda, thupi la olive ndi nthenga yakuda umagwira madzi oyera ndi oderako omwe. Ukatalikitsa mchira umakola pa nsonga poponya, ndipo trout imaluma mchira osafika pa mbedza.

Zimene zimalakwika

Cholakwa chachikulu n'kuweruza mtundu nthenga ili youma. Ikani kapu ya madzi pa tebulo, chilichonse muchinyike musanachimange. Marabou ya olive ikanyowa imatsala pang'ono kukhala yakuda, yotuwa imada, yachikasu imazilala. Ngati mukufuna olive weniweni m'madzi, yambani ndi wowalirako.

Chachiwiri ndi ulusi wapansi. Thupi loyera lomangidwa pa ulusi wakuda limasanduka lotuwa likanyowa, chifukwa wakudayo amaonekera. Waya wa mtovu wolemeretsa amachitanso chimodzimodzi, ndipo pakapita nthawi amadetsa thupi. Mangani ndi ulusi woyera, kutirani mtovu wonse, pakani polishi wa m'zikhadabo wopanda mtundu, ndipo mutu wokha ndiwo muudetse ndi peni yosafufutika. Peniyo iume kaye kwa mphindi zingapo, chifukwa polishi amaisungunula n'kuiyendetsa pa ubweya woyera.

Chachitatu n'kuchulutsa. Ubweya wochindikala ngati tsache sulola kuwala kudutsa, ndipo mitundu iwiri ija imangokhala chibuluma. Pa mbedza nambala 6 mtolo uliwonse wa ubweya usapose kanjere ka machesi kunenepa kwake mukaufinya. Pa 1/0 wirikizani kawiri.

Chachinayi n'kusunga nyambo yonyowa m'bokosi. Wofiira ndi wakuda amasuluka n'kudetsa zoyera zoyandikana nazo, mbedza n'kuchita dzimbiri lolowa m'thupi. Yanikani pamthunzi, chifukwa dzuwa limazilalitsa chartreuse ndi olenji msanga.

Zipangizo za konkuno ndi kuzinyika utoto

Bucktail, ubweya wa kumchira kwa nyama yonga gwape, ndi marabou zoitanitsa kunja n'zodula, koma zambiri zili ndi zolowa m'malo mwake. Ubweya wautali wa mbuzi yoyera umagwira ntchito ya bucktail pa nyambo zazing'ono. Nthenga zofewa za kumiyendo ndi pansi pa mchira wa nkhuku kapena nkhukundembo zimagwedezeka m'madzi ngati marabou. Za m'khosi mwa tambala ndizo zokulunga thupi, ndipo za nkhanga, ndi madontho ake aja, zimapanga khosi labwino la nyambo yofanizira nkhanu. Juzi yakale ya pa kaunjika ku Limbe ingakupatseni ulusi wa matupi mazana.

Nthenga, ubweya ndi ulusi wa nkhosa zimagwira utoto wa zakudya, uja wa mu keke. Zitsukeni kaye m'madzi ofunda ndi sopo wa mbale kuti mafuta achoke, apo ayi utoto umagwira mwa mawangamawanga. Tenthetsani lita imodzi ya madzi mpaka atayamba nthunzi koma osawira, thirani masipuni awiri a viniga, kenaka utoto kadontho kadontho. Madzi owira amapinda nthenga n'kuziphwanyitsa. Siyanimo mphindi 10 mpaka 15 mukutakasa, tsukuluzani mpaka madzi atayera. Olive amatuluka mukayamba ndi chikasu chambiri, wobiriwira pang'ono, ndi kadontho ka wofiira koziziritsa kuwalako. Tiyi wowirira amasandutsa nthenga yoyera kukhala ya khofi wopepuka. Vuulani pamene mtundu wonyowawo wafika pamene mukufuna, osadera nkhawa kuti ukauma uwala, poti nsomba idzauona wonyowa. Ulusi wapulasitiki sugwira utoto umenewu: otchani kachidutswa, wa nkhosa umanunkha tsitsi lopsa, wapulasitiki umasungunuka n'kuuma kabulu.

Timizere ta makumba safuna utoto. Kokani ubweya kapena nthenga kuti iwongoke, lembani mizere 5 kapena 6 ndi peni yosafufutika, yotalikirana theka la sentimita.

Kusintha mtundu muli pamadzi

Mangani nyambo imodzimodzi m'mitundu inayi, wakuda, olive, woyera ndi chartreuse, zitatuzitatu, zonse 12, pa mbedza za nambala imodzi ndi kulemera kumodzi. Zikasiyana kukula kapena kulemera simudzadziwa chimene chagwira nsomba, kaya ndi mtundu kapena kuya.

Mukaponya ka 20 osaona kanthu, yambani mwasintha kuya: werengani mpaka 5 musanakoke, kenaka 10, kenaka 15. Kenaka sinthani kakokedwe. Mtundu ubwere pomaliza, ndipo mudumphe kwambiri, kuchoka kwa wakuda kupita kwa woyera, osati kuchoka kwa olive kupita kwa bulauni. Nsomba ikamatsata n'kubwerera pafupi ndi gombe, ndiye kuti yaona nyambo koma china chaikayikitsa. Pamenepo dulani theka la zonyezimira, ndipo ikabwereranso sinthirani ku mbedza yocheperako ndi nambala imodzi, mu mtundu wozilala.