Momwe mungadziwire ngati mtengo wa tizipatso tofiira ndi holly

Tizipatso tofiira psuu timakopa maso, koma musayambire pamenepo, chifukwa mitengo yobala tizipatso totere ndi yambirimbiri. Mtengo wa holly, womwe akatswiri a zomera amautcha Ilex aquifolium, umadziwika bwino ndi masamba ake.

Choyamba, gwirani tsamba. La holly ndi lolimba ngati chikopa, lonyezimira pamwamba, lotuwirako kunsi, ndipo limatalika masentimita 5 mpaka 12. M'mphepete mwake ndi mopindikapindika, muli minga yakuthwa. Masambawa sayoyoka onse nthawi yozizira, mtengo umakhala wobiriwira chaka chonse. Musadabwe mukaona kuti masamba a kunsonga kwa mtengo waukulu alibe minga: yambiri imakhala kunsi, komwe nyama zimafikira zikamadya.

Kenako onani momwe masamba aphukira panthambi. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. A holly amaphuka limodzilimodzi, ili mbali iyi, linalo pamwamba pang'ono mbali inayo. Akakhala awiriawiri moyang'anizana, mwina ndi mtengo wina wotchedwa Osmanthus, womwe umafanana kwambiri ndi holly. Minga ikakhala panthambi osati patsamba, ganizirani za mtengo wina wotchedwa Pyracantha. Nawo mtengo wa Mahonia uli ndi timasamba taminga tambiri paphesi limodzi, maluwa achikasu ndi zipatso zabuluu.

Mukatero mutha kuthyola kachipatso kamodzi n'kukaphwanya ndi zala. Ka holly n'kozungulira, kukula kwake sikapitirira sentimita imodzi, ndipo kawirikawiri mkati mumakhala njere zinayi zolimba. Maluwa ake ndi aang'ono, oyera, a tizigawo tinayi. Khungwa ndi losalala, lotuwa.

Nanga ngati zonse zikugwirizana koma mtengowo subala? Ukhoza kukhala holly ndithu. Pali mtengo waumuna ndi waukazi, ndipo wobala ndi waukazi wokha, bola pafupi pakhale waumuna woti njuchi zitengeko mungu.

Pomaliza, sambani m'manja, ndipo musalawe ngakhale kamodzi. Mbalame zimadya tizipatsoti bwinobwino, koma kwa munthu timasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, makamaka ana. Ngati mtengo uli posewerera ana, dulani nthambi zam'munsi zomwe angafikire, ndipo mwana akameza tingapo pitani naye kuchipatala mutatenga kanthambi ka mtengowo.