Manyowa a khonsolo pa dimba la allotment: ayeseni musanamwaze

Amene mwapatsidwa dimba la allotment (kamunda kochita lendi kolimapo ndiwo) ku Britain, kaya lathunthu la masikweya mita pafupifupi 250 kaya theka lake, simuchedwa kumva anzanu akukamba za manyowa a khonsolo. Manyowawa amachokera ku kapinga, masamba ndi nthambi zimene anthu amataya m'mabini a zinyalala za m'munda. Amazigaya ndi makina, n'kuziunjika m'mizere italiitali, kumazitembenuza mpaka zitatentha kupitirira madigiri 60, kenako n'kusefa. Kutenthako kumapha njere zambiri za udzu ndi tizilombo ta matenda. Ndi otchipa ndithu, koma musawatenge ngati ndowe za m'khola kapena Urea wa kumudzi. Ntchito yawo yaikulu ndi kufewetsa nthaka ya makande ndi kusunga chinyontho m'nthaka ya mchenga.

Pogula funsani zinthu ziwiri: ngati ali ndi chiphaso cha PAS 100, chomwe ndi muyezo wa kompositi m'dzikomo, ndiponso kukula kwa sefa yake. Osefedwa pa mamilimita 10 ndiwo a pa mabedi a ndiwo zamasamba. A mamilimita 25 kapena 40 amakhala ndi timitengo tambiri, choncho ndi ophimbira pansi pa mitengo ya zipatso.

Thumba likafika, valani magolovesi, pisani dzanja m'kati. Mupezamo tizidutswa ta majumbo, nthawi zina galasi losweka. Tolani pamene mukumwaza. Ngati akadali otentha kapena akununkha ngati mkodzo, ndiye kuti sanapse. Avindikireni ndi lona kwa masabata atatu kapena anayi. Opsa bwino amakhala akuda, ozizira, a fungo la dothi lonyowa. Akauma kwambiri wazani madzi musanawafukule, fumbi lake si lopuma.

Vuto lalikulu silioneka ndi maso. Mankhwala ena ophera zomera za masamba otambalala pa kapinga ndi pa msipu, makamaka clopyralid ndi mnzake aminopyralid, satha msanga ngakhale mulu utatentha. Pang'ono pokha amapotokola matimati, mbatatesi, nyemba ndi nsawawa: masamba anthete amapindikira m'kati ngati chikho, amachepa, mbewu n'kupinimbira. Ambiri amaganiza kuti ndi nsabwe za m'masamba, n'kumapopera mankhwala pachabe. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani miphika isanu ndi umodzi. Itatu muikemo manyowa a khonsolo osakaniza ndi dothi la m'dimba mwanu, theka ndi theka, ndipo manyowawo mutape mbali zosiyanasiyana za thumba. Itatu inayo muikemo dothi lokha. Bzalani nyemba zinayi mu uliwonse, ikani pa windo pofunda, mphika uliwonse ndi mbale yakeyake kuti madzi asasakanikirane. Pakatha masabata atatu kapena anayi, yerekezani masamba enieni, osati awiri oyambawo. Akapindika a m'manyowa okha, musaike manyowawo pa mbewu tatchulazi. Chimanga sichivutika nawo, poti nachonso ndi mtundu wa udzu, koma mapesi ake musawaponye pa mulu wanu wa kompositi.

Manyowa akapambana mayeso, mwazani masentimita 5 pamwamba pa bedi chaka choyamba, zaka zotsatira 2 kapena 3 basi. Kiyubiki mita imodzi imakwana masikweya mita 20 pa masentimita 5. Dziwani kuti matumba ambiri aakulu sakwana kiyubiki mita yathunthu. Nthawi yabwino ndi October ndi November, kapena March nthaka ikadali yonyowa. Kukwirira pansi kwambiri n'kudzivutitsa, nyongolotsi zimawatsitsa zokha.

Potaziyamu alimo wambiri, koma nayitrojeni wake amatuluka pang'onopang'ono, chaka choyamba wochepa zedi. N'chifukwa chake chimanga chobzalidwa kumapeto kwa May, chisanu chitatha, chimachita chikasu mu June ngakhale bedi likuoneka lakuda bii. Chimanga, mpiru, repu ndi maungu a nkhwani onjezerani zitosi za nkhuku zouma zogula m'sitolo, dzanja limodzi kapena awiri pa sikweya mita.

Musafese mbewu m'manyowawa okhaokha. Ali ndi mchere wambiri wowotcha timizu ta mbande, ndipo akauma madzi amangoyenderera pamwamba osalowa. Pa nazale ndi m'miphika sakanizani gawo limodzi la manyowa ndi magawo atatu a dothi.

Amachepetsanso asidi m'nthaka monga amachitira laimu kapena phulusa. Kabichi ndi mpiru zimakondwa nazo, ndipo pamene mwathira manyowawa simufunikanso laimu chaka chimenecho. Mbatatesi ndiyo imatuluka ndi zipere pa khungu, choncho bedi lake lilandire manyowawa chaka chimodzi musanaibzale. Pa mablueberry musathire n'komwe.