Mmene Mungaonere Mbalame za M'madzi Zosamuka M'madambo a ku Kasungu

Mbalame zambiri zimene timaziona m'mphepete mwa madamu ndi m'madambo nthawi ya dzinja sizinaswedwe kuno. Zina zimaswa ana kumpoto kwa Ulaya ndi ku Russia, ndipo chisanu chikayandikira kumeneko zimauluka mtunda wautali kudzafika kwathu kuyambira mwezi wa Seputembala mpaka Novembala. Zimabwereranso mu Malichi ndi Epulo, pamene kwawoko kukuyamba kufunda. Munthu wofuna kuziona ayenera kukonza ulendo wake motsatira nyengo zimenezi, chifukwa akapita mu Juni kapena Julaye adzapeza zambiri zitachoka kale. Ine ndimakonda kumapeto kwa Malichi, pamene mvula yayamba kuchepa, madzi akuphwa pang'onopang'ono n'kusiya matope, ndipo mbalamezo zikudya mwakhama kuti zinenepe ulendo usanayambe.

Malo oyamba kuwaganizira ndi damu la Lifupa, m'kati mwa Kasungu National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1970 ndipo ndi yachiwiri kukula m'dziko muno pambuyo pa Nyika. Musanayambe ulendo wopita kumeneko, funsani kwa ogwira ntchito m'pakimo za mmene misewu ilili, popeza mvula imaiwononga. Komabe si aliyense angakwanitse ulendo umenewu, ndipo palibe chodandaulitsa: damu la Chitete pafupi ndi tauni, madambo a m'mbali mwa mtsinje wa Bua ndi wa Dwangwa, ngakhale dambo la kuseri kwa mudzi wanu, zonsezi zimalandira alendo omwewo. Ngati malowo ali pakati pa madimba a anthu, yambani mwapereka moni kwa eni ake kapena kwa amfumu ndi kufotokoza chimene mwadzera, kuti asakukayikireni.

Fikani m'mamawa dzuwa lisanatuluke, ndipo sankhani pokhala pamene dzuwa likadzatuluka lidzakhala kumbuyo kwanu. Mukayang'anizana nalo, mbalame iliyonse imaoneka yakuda ndipo simungasiyanitse mitundu yake. Valani zovala zosawala, zofanana ndi udzu kapena dothi. M'pakimo mupewe makamaka zabuluu ndi zakuda, chifukwa mitundu imeneyi imakopa kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Tengani madzi akumwa, kabuku ndi pensulo, ndiponso magalasi oonera patali ngati mungawapeze. Olembedwa 8x42 ndi abwino chifukwa sagwedezeka kwambiri m'manja. Wopanda magalasi asagwe mphwayi, popeza munthu amene wakhala phee pansi pa mtengo kwa mphindi 30 amaona zambiri kuposa amene akungoyendayenda ndi chida chodula.

Ntchito yeniyeni ndi kuzindikira chimene mukuona, ndipo apa mpofunika kudekha. Yambani ndi mbalame zodziwika kale: kakowa, nantchengwa, nkhwazi, ndi tsekwe wamkulu wakuda ndi woyera. Kenaka yang'anani abakha a m'tchire. Pali ena a nkhope yoyera amene amayenda m'magulu akuluakulu ndipo amaliza mluzu katatu akamauluka, ndiponso ena amene aamuna ake ali ndi chotupa pamwamba pa mlomo, chimene chimakula nthawi yoswa. Abakha amenewa sachokera ku Ulaya, amangosamuka m'kati mwa Africa momwemu kutsatira mvula.

Alendo ochokera kutali kwambiri ndi timbalame ta miyendo yaitali timene timayenda m'matope, ndipo kawirikawiri anthu amatidutsa osatilabadira. Kamene m'mabuku a Chingerezi kamatchedwa common sandpiper kamagwedeza mchira mosalekeza, ndipo kakadzidzimuka kamauluka pafupi kwambiri ndi madzi mapiko ali ouma gwa. Wood sandpiper ali ndi timadontho toyera pamsana ndi miyendo yachikasu mobiriwira, ndipo amakonda zithaphwi za udzu. Greenshank ndi wamkulupo, mlomo wake ndi wautali wopindikira pang'ono m'mwamba. Mukaona kambalame kotere, musathamangire kufufuza dzina lake. Lembani kaye kukula kwake poyerekeza ndi njiwa, mtundu wa miyendo, kutalika kwa mlomo, kadyedwe kake ndi kaliridwe kake, kenaka dzinalo mukalifufuze kunyumba.

Mukachita mwayi mudzaonanso white stork, mbalame yaikulu yoyera ya mapiko akuda ndi mlomo wofiira, ikusaka ziwala m'dambo. Mbalame imeneyi imadalira mpweya wotentha wokwera kuchokera pamtunda kuti iuluke osatopa, n'chifukwa chake siwoloka pakati pa nyanja ya Mediterranean. Zambiri zobwera mbali yathu ino zimazungulira ku Turkey ndi Israel, n'kutsata chigwa cha Nile. Anamzeze ambiri amene amadzaza pamwamba pa madzi madzulo nawonso amachokera kumpoto komweko.

Za chitetezo sizofunika kuzipeputsa. Mu damu la Lifupa muli mvuu, ndipo njovu zimabwera kudzamwa madzi, makamaka chiwerengero chake chitakwera pamene zina 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde mu 2022. Musayende pansi m'pakimo popanda mlonda, ndipo musaime pakati pa mvuu ndi madzi. Kunja kwa paki, musalowe m'madzi osayenda chifukwa cha likodzo, ndipo pamitsinje ikuluikulu khalani patali ndi gombe poopa ng'ona.

Mbalame zikayamba kutukula mitu ndi kusiya kudya, dziwani kuti mwayandikira mopitirira, ndipo bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono. Kuziwulutsa mobwerezabwereza mu Malichi kumazithera mafuta amene zikusungira ulendo. Pomaliza lembani tsiku, malo ndi chiwerengero cha mtundu uliwonse, ndipo mubwerere pamalo omwewo pakatha masabata awiri kuti muone mitundu imene yanyamuka kale ndi imene idakalipo.