Mmene mungafotokozere banja pamene khansa ya m'bere yatulukira m'fupa

Funsoli limabwera dokotala akangotuluka m'chipinda. Mayi anachotsedwa bere chaka chatha, bala linapola bwinobwino, koma lero msana sukuwagonetsa ndipo X-ray yaonetsa kuti fupa ladyeka. Mwana wawo amakukokerani pakhonde: "Amayi anamwino, kodi si opaleshoni ija inamwaza matendawa? Kapena pali dzanja la munthu?" Ndine namwino kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ndikulembera anzanga a m'zipatala zazing'ono komanso aliyense amene akudwazika m'bale wake.

Musayankhe chiimire. Khalani pansi, ndipo itanani amene mawu ake amamveka pabanjapo, kaya amalume kaya bambo wa pakhomo, chifukwa mukafotokozera mwana yekha nkhaniyo imakafika kumudzi itasintha. Funsaninso wodwalayo ngati akufuna kumva zonse yekha. Thupi ndi lake.

Choyamba kunena n'chakuti awa si matenda atsopano. Maselo amene ali m'fupamo ndi a m'bere omwe aja. Kawirikawiri amakhala atachoka kale pachotupa opaleshoni isanachitike, ali ochepa kwambiri moti palibe makina akanawaona, ndipo amatha kugona chete zaka zingapo. Nenani izi momveka, pakuti banja likakhulupirira kuti mpeni ndiwo unalakwa, mng'ono wake wa mayiyo akadzamva kachotupa m'bere sadzabwera kuchipatala.

Kenako adzafunsa kuti bwanji fupa, osati mwendo kapena khutu. Apa ndimatengera kumunda, ndipo fanizoli si langa. Mu 1889 dokotala wa ku London, Stephen Paget, anawerenga zolemba za amayi 735 amene anamwalira ndi khansa ya m'bere, n'kuona kuti matendawa sagwera paliponse, amakonda ziwalo zina. Iye anati mbewu imamwazika konsekonse koma imamera pokhapo pamene nthaka yailola. Mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano safunika kumuuza kawiri zimenezi.

Chimene chadziwika posachedwa n'chakuti chotupacho chimayamba chakonza nthakayo mbewu isanafike. Pafupifupi selo lililonse m'thupi limatulutsa timatumba ting'onoting'ono totchedwa exosome, ndipo maselo a khansa amatulutsa tambiri. Kukula kwake ndi nanomita 30 mpaka 150, kutanthauza kuti tingafole mazanamazana kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. M'kati mwake muli mapuloteni ndi tizidutswa ta RNA, zomwe ndi uthenga kwa selo lina lakutali. Timayenda ndi magazi, koma sitiima paliponse. Mu 2015 gulu la David Lyden la ku Weill Cornell ku New York, motsogozedwa pa ntchitoyo ndi Ayuko Hoshino, linaonetsa kuti pakhungu la timatumbati pali mapuloteni otchedwa integrin amene amasankha koti tikamatirire. Tokhala ndi mtundu wa α6β4 ndi α6β1 timakathera m'mapapo, tokhala ndi αvβ5 timamezedwa ndi maselo a Kupffer m'chiwindi. Chimene chimandigwira mtima pa kafukufukuyu ndi ichi: mbewa zitabayidwa timatumba tokonda mapapo, maselo a khansa amene mwachizolowezi amapita kufupa anayamba kumera m'mapapo.

Timatumbati tikafika, timasintha malowo. Pa khansa ya kapamba zinaoneka kuti maselo a Kupffer akameza timatumbati amadzutsa maselo ena a m'chiwindi kuti ayale puloteni yomata yotchedwa fibronectin, ndipo iyo imaitana maselo ochokera m'mafuta a m'mafupa. Pa khansa ya m'bere, kachidutswa ka RNA kotchedwa miR-105 kamamasula zomangira makoma a mitsempha kuti selo la khansa lidutse mosavuta. Zambiri mwa izi zinapezeka pa mbewa ndi m'malabotale, ndipo palibe kuyeza magazi kwa mtundu umenewu kumene mungakapemphe pachipatala cha chigawo ku Tete. Munthu akakugulitsani mabotolo oti amatsuka khansa m'magazi, musamupatse ndalama yanu ya thiransipoti.

Banja silifunika kumva mayina onsewa. Ine ndimangoti: "Agogo, chotupa chija chinatumiza uthenga kufupa kalekale kuti likonze malo. Palibe amene analakwa."

Phindu lenileni la nkhaniyi n'kudziwa koyang'ana. Khansa ya m'bere imakonda mafupa, mapapo, chiwindi ndi ubongo. Ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, imathamangira kumsana ndi m'chiuno. Ya matumbo imayambira kuchiwindi, ndipo apa njira ya magazi imathandiziranso, poti magazi ochokera m'matumbo amadutsa kaye m'chiwindi. Ya khomo la chiberekero, imene yachulukitsitsa mwa amayi m'dziko muno, imafalikira pafupi, ku mwanabere wa m'chiuno, n'kufinya njira za mkodzo kapena kutupitsa mwendo umodzi.

Ndiye auzeni a pabanjapo zizindikiro zogwirika zoti matenda afalikira. Ululu wa fupa umene umakula usiku ndipo sukumva paracetamol. Maso achikasu ndi mimba yolemera kudzanja lamanja pansi pa nthiti. Mutu wa m'mawa wosanzitsa, kukomoka ngati khunyu, kapena munthu kuyamba kusokonezeka. Chifuwa ndicho chimatinamiza kwambiri kuno, chifukwa TB ndi yambiri ndipo maganizo a aliyense amathamangira komweko. Wodwala amene anadwalapo khansa akamatsokomola milungu ingapo, makhololo n'kupezeka alibe TB, anene yekha pakamwa kuti anachitidwapo opaleshoni ya khansa, asadikire kufunsidwa.

Pali chizindikiro chimodzi chosagonetsa. Msana ukupweteka, miyendo yayamba dzanzi kapena kufooka, mkodzo ukutuluka wokha kapena wakanika: nyamulani wodwalayo tsiku lomwelo, chogona, osati pakabaza. Fupa likhoza kukhala likufinya mtsempha waukulu wa msana, ndipo maola kapena masiku ochepa okha amasiyanitsa munthu woyenda ndi wopuwala.

Mapepala onse akhale m'pulasitiki imodzi: zotsatira za kanyama kamene kanadulidwa kukayezedwa, zithunzi zakale, mayina a mankhwala, ndi guia, kalata yotumizira wodwala. Kuchoka ku Ulongwe kupita ku Tete, kapena kupitirira mpaka ku Beira ndi ku Maputo, wodwala amakumana ndi madokotala amene sanamuonepo, ndipo pepala la kanyama lija ndilo limawauza mtundu wa khansa ndi mankhwala oyenera. Pa khansa zina za m'bere mapiritsi a tamoxifen amatha kuigwira ngakhale itafika kufupa. Ululu ukakula pemphani morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, mosachita manyazi, ndipo funsani namwino akulembereni maola omwera.