Kuika APM pa app ya Node.js ikamachedwa

Achimwene a ku Luchenza afunsa kuti app yawo yolandira maoda a tiyi ikumachedwa koma sakudziwa pomwe pali vuto, aike bwanji monitoring, yomwe imatchedwa APM (Application Performance Monitoring), pulogalamu yoyeza liwiro la app ndi kuonetsa pomwe ikuchedwa. Poti ndi ya Node.js ndinena za APM ya New Relic, ili ndi pulani yaulere ya 100 GB pa mwezi, kwa app yaing'ono imakwana.

Choyamba tsegulani akaunti ya New Relic mutenge license key, nambala yachinsinsi yolumikizira app ku akaunti yanu. Pa seva lembani npm install newrelic, kenako kopelani fayilo ya newrelic.js kuchoka mu node_modules/newrelic muiike mu foda yaikulu ya app, mulembemo app_name. Key ija musaiponye pa GitHub chonde, ikhale mu environment variable ya NEW_RELIC_LICENSE_KEY.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, require('newrelic') ikhale mzere woyamba weniweni mu fayilo yoyambira, pamwamba pa Express (framework yopangira app za Node.js) ndi china chilichonse, mukaiika m'munsi zina siziyezedwa ndiye mumangoti zonse zili bho pomwe ayi ndithu. Yambitsaninso app, idinenidineni, pakapita mphindi zochepa data iyamba kuoneka.

Mukalowa mu akaunti ya New Relic onani masamba a Transactions ndi Databases, kawirikawiri yochedwetsa imakhala query imodzi (funso lopita ku database) yopanda index yothandiza kupeza data msanga. Apdex, muyezo woonetsa ngati app ikuyankha mwa liwiro lokhutiritsa, malire ake amabwera ali pa masekondi 0.5, isiyeni kaye choncho. Yatsaninso browser monitoring chifukwa seva ikhoza kuyankha msanga koma kasitomala wa ku Limbuli amene netiweki ikumudukiradukira pa foni akuona zina. Alert yambani ndi ya error rate yokha, mukachulutsa foni izingolira usiku wonse mpaka muzimitsa zonse.